Kinnah Phiri sadangovula jezi n'kukhala kochi

Lolemba pa 11 January 2010 ndidali mwana wa Sitandade 8, ndipo tsikulo titaweruka sindidalunjike kunyumba. Ndidakhotera pamsika, m'kanyumba kamalata koonetsera kanema, momwe anthu adali atadzaza kale mpaka ena kumasuzumira pazenera. Flames imasewera ndi Algeria mumzinda wa Luanda ku Angola, masewero ake oyamba mumpikisano wa African Cup of Nations patatha zaka 26.

Ambiri m'kanyumbamo amangopempha kuti anyamata athu asachititsidwe manyazi. Pajatu Algeria idali itadzigulira kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho ku South Africa. Koma Russel Mwafulirwa adachinya choyamba, Elvis Kafoteka adawonjezera ndi mutu, ndipo chigawo chachiwiri chitangoyamba Davi Banda adatsekera ndi chachitatu. Mabenchi adathyoka, mwini kanema osadandaula.

Madzulo ake bambo anga sadandikalipire chifukwa chofika mochedwa. M'malo mwake adandikhazika pakhonde n'kuyamba kundifotokozera za munthu yemwe adaima m'mbali mwa bwalo tsikulo, Kinnah Phiri. Kwa ine iye adali mphunzitsi chabe. Kwa bambowo adali mnyamata wa Bata Bullets yemwe dzina lake limamveka pawailesi m'zaka za m'ma 1970, yemwe akangolandira mpira pafupi ndi golo anthu amayamba kuimirira asadamenye n'komwe. Mfundo yawo idali yakuti munthu wochinya zigoli chotero sakadalephera kuphunzitsa ena kuchinya.

Ndakhala ndikuganizira mfundo imeneyi, ndipo lero, mwaulemu wonse kwa bambo anga ndi anzawo amsinkhu wawo, ndikuti idali yolakwika. Kinnah adaphunzitsa bwino Flames osati chifukwa cha zigoli zake, koma chifukwa adatenga zaka zambiri akuphunzira ntchito ina yatsopano, ndipo atapatsidwa timuyo adapatsidwanso nthawi. Kusamvetsa zimenezi kwatipweteka, kuyambira ku Flames mpaka kutimu ya pamsika pathu pano.

Za kusewera kwake palibe wotsutsa. Mkuluyu, yemwe adabadwa m'chaka cha 1954, adachinyira dziko lino zigoli 71 pamasewero 117, ndipo palibe Mmalawi wina yemwe wafikapo pamenepa. Adali mutimu ya mzungu wa ku England, Ted Powell, yomwe idatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge m'chaka cha 1978 kuno kumudzi itagonjetsa Zambia 3-2, n'kukachitetezanso m'chaka cha 1979 ku Kenya pokwapula eni bwalo ndi zigoli zomwezo. Panthawiyo timu ya Sharjah ya ku United Arab Emirates idamufuna, koma akuluakulu a kuno sadamulole kupita. Masiku amenewo wosewera samangonyamula chikwama n'kukwera ndege ngati lero.

M'chaka cha 1982 adachoka m'dziko muno kupita ku Swaziland, dziko lomwe lero likutchedwa Eswatini, komwe adakasewerera Manzini Wanderers. Apa ndi pomwe ambiri amadumpha akamafotokoza mbiri yake. Amachoka pa zikho za 1978 ndi 1979 n'kufikira pa Angola, ngati kuti pakatipa munthuyu adali mtulo. Chonsecho ntchito yauphunzitsi adaiyambira konko, kudziko laling'ono komwe dzina lakuti Kinnah silikadamuteteza timu ikamagonja. Kuchokera pomwe adachoka kuno kufika pomwe adatenga Flames m'chaka cha 2008 padadutsa zaka 26. Mwana wobadwa tsiku lomwe iye amanyamuka akadakhala ali pabanja.

M'zaka zimenezi munthu amaphunzira zinthu zomwe katswiri wa m'bwalo sazidziwa. Wosewera amasamala za mwendo wake, malo ake ndi mdani yemwe wayang'anizana naye. Mphunzitsi amasamala za anthu oposa 20, aliyense ndi mtima wake. Wina akufuna kumukalipira kuti adzuke, wina ukamukalipira pagulu ndiye wamutaya sabata yonse. Wina mkazi wake ali m'chipatala, wina sadalandire malipiro miyezi itatu ndipo landilodi akumuthamangitsa. Pali kukonza zoti anyamata achite Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi kuti pofika Loweruka asakhale otopa. Pali kuuza mnzako yemwe mudadyera limodzi nsima kukampu kuti lero akhala pabenchi. Palinso kulankhula ndi akomiti omwe sadamenyepo mpira koma akufuna kusankha timu.

Ndiye pali vuto lina lomwe limagwira makamaka akatswiri. Chinthu chomwe munthu adabadwa nacho chimavuta kuchifotokoza. Funsani mayi wodziwa kuphika thobwa kuti akuuzeni muyezo wa chimera, adzangoti mumaonera m'maso. Wochinya zigoli mwachibadwa naye amaona mpata ena asadauone, ndipo akakhala mphunzitsi amadabwa kuti bwanji mnyamata uyu sakuona chinthu choonekeratu. Mapeto ake amapsa mtima m'malo mophunzitsa. Diego Maradona, yemwe ambiri amati palibe wofanana naye, adatenga Argentina yokhala ndi Lionel Messi kupita nayo ku World Cup ya 2010, koma Germany idamuswa 4-0. Pomwe José Mourinho, yemwe sadatchukepo ngati wosewera ndipo adadziwika poyamba ngati womasulira chilankhulo wa Bobby Robson, chaka chomwecho adatenga chikho cha Champions League ndi Inter Milan.

Umboni woti Kinnah adali ataidziwa ntchitoyi udaoneka m'chaka cha 2004, asadakhale mphunzitsi wokhazikika wa Flames. Panthawiyo Maule amatchedwa Bakili Bullets chifukwa amathandizidwa ndi Bakili Muluzi, ndipo ndalama zidalipo. Timuyo idatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, momwe mudangotsala matimu 8 mu Africa yense. Gulu lawo lidali ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sadapitirire, koma onani omwe adawatsekereza: Enyimba ndi Étoile ndi omwe adakakumana m'ndime yotsiriza chaka chimenecho, Enyimba n'kutenga chikho.

Ena adzati ndi ndalama za Muluzi zomwe zidagwira ntchito. Zoona, popanda ndalamazo sakadakwera ndege n'komwe. Komatu matimu angati omwe tawaona akupatsidwa ndalama koma osafika patali? Chomwe chidatsala ndalamazo zitatha ndi anyamata omwe adazolowera kusewera limodzi komanso kusaopa mabwalo akunja. Peter Mponda ndi goloboyi Swadick Sanudi adali mutimu imeneyi, ndipo ndi omwewo adadzakhala msana wa Flames ya ku Angola, Mponda ali kaputeni.

Kuchoka apo Kinnah adakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa, komwe mphunzitsi akagonja kangapo motsatizana amamuonetsa msewu mosayang'ana nkhope. Ndi kumeneko komwe adamuitana Stephen Constantine wa ku England atasiya Flames mu April 2008 zinthu zisakuyenda.

Zomwe zidatsatira ambiri mukuzikumbuka. Djibouti idalandira 8-1. Pa 14 June 2008 Egypt, yomwe idali itangotenga kumene chikho cha Africa mu February, idagwa 1-0 pabwalo la Kamuzu ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya woimbira atatsala pang'ono kuthetsa masewero. Mu October DR Congo nayo idagonja 2-1, Flames n'kulowa m'ndime yomaliza yodzigulira malo.

Koma chomwe chimandisangalatsa ine si masewero opambanawa ayi. Ndi zomwe zidachitika mu 2009. M'ndime yomalizayo Flames idayamba moipa kwambiri. Mu March idakagonja 5-0 ndi Ivory Coast ku Abidjan, tsiku lachisoni lomwe anthu adafa popondana pabwalo. Kenaka idagonja ndi Burkina Faso pakhomo, n'kukagonjanso ku Guinea. Masewero atatu, popanda pointi ndi imodzi yomwe. Mwa chizolowezi chathu, apa ndi pomwe timati kochi walephera, achoke. Sadachotsedwe. Mu September Flames idagonjetsa Guinea 2-1 ku Blantyre, ndipo mu October idalepherana 1-1 ndi Ivory Coast, mpaka Didier Drogba adachita kulowa kuchokera pabenchi kudzabweza chigoli cha Jacob Ngwira. Mapointi 4 amenewa ndi omwe adatitengera ku Angola.

Tangoganizani akadamuchotsa mu June 2009. Bwenzi kulibe tsiku lija la Algeria, ndipo lero tikadamakamba kuti Kinnah adali wosewera wabwino koma uphunzitsi udamukanika.

Sindikunena kuti mkuluyu adalibe zofooka. Ku Angola komweko, titagonjetsa Algeria tidagonja 2-0 ndi eni bwalo, ndipo pamasewero ndi Mali Frédéric Kanouté ndi Seydou Keita adatichinya ena asadakhale n'komwe pansi, masewero n'kuthera 3-1. Ulendo wa ku mpikisano wa 2012 udafera ku Chad mu October 2011, komwe tidalola chigoli chakumapeto n'kulepherana 2-2, titataya kale mapointi ambiri polepherana pamasewero omwe timayenera kupambana. Wa 2013 udathera m'manja mwa Ghana. Mwa kuona kwanga, adakakamira nthawi yaitali anyamata omwe adamuchitira zabwino, ndipo magazi atsopano adalowa mochedwa. Limeneli ndi vuto la aphunzitsi ambiri omwe adasewerapo: amadziwa kuwawa kwa kusiyidwa, ndiye amachita chisoni. Pomwe amachotsedwa kumayambiriro kwa 2013, limodzi ndi omuthandiza ake Young Chimodzi ndi malemu Jack Chamangwana, zidaoneka kuti timuyo yafika pamapeto.

Choncho nkhani yanga si yakuti sadayenere kuchoka. Zaka pafupifupi zisanu ndi nthawi yokwanira kumuweruza munthu. Nkhani ndi yakuti chichokereni iye, ndi angati omwe tawapatsa nthawi yotereyi?

Young Chimodzi, mmodzi mwa osewera abwino omwe dziko lino lidakhalapo nawo, adapatsidwa timuyi mu 2014 ndipo pofika 2015 adali atachoka. Ernest Mtawali, yemwe adasewerapo Mamelodi Sundowns komanso Toulouse ya ku France, adalowa mu 2015 n'kutuluka mu 2016. Patrick Mabedi, kaputeni wakale wa Kaizer Chiefs, adalowa mu 2023 n'kuchotsedwa mu 2024. Onsewa tidawalandira ndi nthungululu chifukwa cha mayina awo, ndipo onsewa tidawathamangitsa asadamalize ngakhale kudziwa kuti mnyamata uti amasewera bwino ndi uti. Timawalemba ntchito poyang'ana zomwe adachita atavala jezi, kenaka n'kuwachotsa podabwa kuti bwanji dzinalo silikuchinya zigoli.

Pakatipa timathamangira kunja. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina n'zoona, pajatu Ted Powell adali mlendo. Koma kalumo ka Tom Saintfiet mu 2013 kapena ka Ronny van Geneugden, yemwe adakhala kuyambira 2017 mpaka 2019, sikadatimete bwino kuposa ka ana a kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo amabwera ndi mgwirizano wolembedwa bwino, nyumba, galimoto ndi malipiro a ndalama zakunja, pomwe wakuno amauzidwa kuti ayambe wagwirizira kaye tione.

Nkhani ya Meck Mwase ndi yomwe imandiwawa kwambiri. Naye adali wosewera wa Flames, adasewerapo ku South Africa, ndipo adakwera pang'onopang'ono kudzera m'matimu a kuno ndi a achisodzera. Ndi iye yemwe adatengera Flames ku African Cup of Nations kachitatu, mpikisano womwe udachitikira ku Cameroon mu January 2022. Kutatsala milungu yochepa, bungwe la FAM lidaika Mario Marinica wa ku Romania pamwamba pake. Mwatsoka Marinica adapezeka ndi Covid-19, ndipo yemwe adaima m'mbali mwa bwalo pomwe Gabadinho Mhango amachinya ziwiri zogonjetsera Zimbabwe 2-1 adali Mwase yemweyo. Timu idafika m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu, n'kutuluka ndi Morocco 2-1. Patangotha miyezi yochepa Mwase adachotsedwa. Adakadandaula kukhoti loona nkhani za apantchito, ndipo khotilo lidamupeza kuti adalakwiridwa.

Kumpikisano womwewo wa ku Cameroon, Flames idalepherana 0-0 ndi Senegal, timu yomwe idakatenga chikhocho. Mphunzitsi wake adali Aliou Cissé, kaputeni wawo wa ku World Cup ya 2002. Adapatsidwa timuyo mu 2015. Mu 2017 adatuluka m'ndime ya matimu 8. Mu 2018 adabwerera ku World Cup m'ndime yoyamba. Mu 2019 adagonja ndi Algeria m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa. Anthu a ku Dakar nawo amatukwana pawailesi ngati ife, koma bungwe lawo lidamusunga, ndipo chikho chidabwera m'chaka chake chachisanu ndi chiwiri. Asadatenge timu yaikuluyo, Cissé adayamba waphunzitsa achisodzera. Kuno akadachotsedwa katatu konse.

Mwina wina akuti, zimenezi ndi za akuluakulu a mpira ku Blantyre, ife a kuno zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza, chifukwa matendawa adayambira pansi. Pitani pabwalo la sukulu iliyonse Lamlungu masana pomwe pali chikho cha phungu kapena cha wamalonda wina. Funsani kuti kochi wa timu ya pamsika adamusankha bwanji. Yankho lake n'lodziwikiratu: ankamenya mpira koopsa kale. Bondo litavuta, anzake adangomupatsa wezulo. Palibe yemwe adamutumiza kumaphunziro, palibe adamuonetsa momwe angakonzere masewero olimbitsa thupi a mwana wa zaka 13 mosiyana ndi a bambo wa zaka 28. Amangobwereza zomwe ankachitidwa iye: kuzungulira bwalo kakhumi dzuwa lili paliwombo, kenaka kugawana mbali ziwiri n'kuyamba kumenya. Mwana akavulala akuti ndi ulesi. Timu ikagonja kawiri akomiti akuti wadya ndalama za adani, ndipo wezulo uja amapatsidwa kwa wina yemwe naye ankamenya koopsa kale.

Ana omwe akuzungulira bwalowo ndi athu. Ena mwa iwo akujomba kusukulu poganiza kuti mpira udzawadyetsa, ndipo kholo likafunsa za mawa amayankha kuti ndikadzasiya kusewera ndidzakhala kochi, ngati kuti ukochi ndi penshoni yomwe aliyense amalandira. Wosewera wamwayi amafika zaka 33 kapena 35. Matimu a mu Super League alipo 16 okha, kutanthauza kuti mipando ya mphunzitsi wamkulu ndi 16, pomwe osiya kusewera chaka chilichonse ndi ochuluka zedi. Ndipo masiku ano pampandopo sakhalapo munthu wopanda chiphaso. Bungwe la CAF lili ndi makwerero a ziphaso, kuchokera pa zapansi kukwera C, B, A mpaka Pro, ndipo maphunziro ake ndi a m'kalasi, ofunika kuwerenga, kulemba ndi kukhoza mayeso m'Chingerezi. Mnyamata yemwe adathawa sukulu ali Fomu 1 chifukwa cha mpira adzapeza kuti sukulu yomweyo yamudikirira pakhomo la ukochi.

Apa ndiye pali ntchito ya FAM ndi makomiti ake a m'maboma. Maphunziro a aphunzitsi asamangochitikira m'mizinda ikuluikulu momwe munthu wa ku Jenda, Lizulu kapena Muloza ayenera kugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ndi malo ogona. Aphungu omwe amathira mamiliyoni m'zikho zomwe zimatha ndi chisankho atapatulako pang'ono n'kulipirira anyamata awiri kapena atatu a m'dera lawo maphunziro oyamba aukochi, phindu lake lingakhalitse kuposa mayunifolomu olembedwa dzina lawo kumsana. Nawo matimu akuluakulu azilimbikitsa osewera awo kuyamba maphunzirowa akadali m'bwalo, osadikira tsiku lomwe dotolo adzanene kuti bondo latha.

Kuti njira yaitaliyi imagwira ntchito, onani Peter Mponda, kaputeni uja wa Kinnah. Ndi dzina lomwe adali nalo akadatha kukakamira mpando waukulu tsiku lomwe adasiya kusewera. M'malo mwake adayamba ndi ana, kutimu yomwe idadzadziwika kuti Wizards, komwe adalawa kugonja kokwanira. Kenaka adakhala zaka zingapo ku Bullets ngati wothandizira Callisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, akunyamula makoni ndi kumvetsera. Adapitanso ku Silver Strikers ngati wachiwiri. Atapatsidwa timuyo kuti aiyendetse yekha mu 2024, adatenga ligi chaka chomwecho, kuthetsa ulamuliro wa Maule omwe adali atatenga ligiyo zaka zisanu zotsatizana. Omwe sadatsatire ulendo wake adati ndi mwayi, ena adati ndi dzina. Adaiwala zaka zonse zija ali pabenchi la ena.

Bambo anga mpaka lero sagwirizana nane. Ulendo wathawu nditapita kumudzi tidakambirananso nkhaniyi pakhonde lomwe lija, iwo n'kumaumirirabe kuti anyamata a 2010 ankachinya chifukwa ankaopa kuchita manyazi pamaso pa munthu wa zigoli 71. Mwina pang'ono zilimo, pakuti wosewera amamvera msanga munthu yemwe akudziwa kuti adadutsamo. Ndidawafunsa kuti nanga bwanji Mtawali, yemwe adafika mpaka ku France, sadakhalitse? Adayankha kuti ameneyo sadampatse nthawi. Ndidawauza kuti ndi zomwe ndakhala ndikunena, koma iwo adali atatembenukira kale kuwailesi, pakuti masewero a tsikulo adali atayamba.